Makapu a m'kabati ya apongozi anga

Pansi pa bedi langa pali katoni, ndipo m'katonimo muli makapu adothi asanu ndi imodzi, oyera, amaluwa abuluu, iliyonse ndi kambale kake. Anandisiyira apongozi anga aakazi pomwalira. Mwana wanga wamkulu akabwera kudzandiona amandinena kuti ndine woumira, ati makapu abwino chonchi akungogonamo mphemvu. Ndimangomuuza kuti awasiye pomwepo. Zoona zake n'zakuti ndikawaona ndimamva nseru.

Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinapita ku Rumphi kukaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Katowo, matipati atangoyamba kumene, ndipo ndinakwatiwa konko ndi mlangizi wa zaulimi, mwana wa mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito. Anandilowola ndi ng'ombe, zinthu zimene kwathu anaziseka mwezi wathunthu. Ndinaphunzira Chitumbuka mpaka kumakalipira nacho ana, ndinaphunzira kugwadira patali polankhula ndi apongozi aamuna, ndinabereka ana aakazi awiri. Komabe pakhomo dzina langa linali mkamwana basi, kutanthauza mkazi wa mwana wawo, ndipo kunja ndinali Mchewa uja wa kusekondale. Zambiri zimene ndikambe pano zinayankhulidwa m'Chitumbuka, ine ndangozilemba m'chinenero changa.

Makapuwo ankakhala m'kabati yagalasi pabalaza. Mayi awo a apongozi anawalandira kwa mkazi wa mzungu wina wa mishoni amene ankamuchapira zovala kalekale. Pakhomo paja panali lamulo losalembedwa koma lodziwika ndi aliyense: ife azimayi ndi ana tinkamwera makapu apulasitiki, abusa ndi akuluampingo ankamwera achitsulo, ndipo adothiwo anali a alendo. Alendo ake si inu ndi ine ayi. Mkulu wina wa boma anabwerapo ndi galimoto ya mbendera, anamwera chitsulo. Zaka zisanu ndi zitatu ndinali nditakhala pakhomo paja, ndipo ntchito yanga pa makapuwo inali kuwatsuka kawiri pachaka, apongozi ataima pambali panga ngati ndanyamula khanda la eni.

M'chaka chachisanu ndi chitatucho mpingo wathu unalandira kalata kuchokera kumpingo wina wa kutsidya kwa nyanja umene tinali nawo paubale. Kalata inati kukubwera alendo anayi kudzaona malo omangapo nyumba yogona atsikana a sukulu yathu, kenako apitirire ku Nyika kukaona nyama. Nyumbayo inkafunikadi. Atsikana ochokera kutali ankachita lendi tizipinda kuseri kwa magolosale, ndipo chaka chilichonse tinkataya angapo chifukwa cha mimba. Tinakonzekera masabata awiri. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, kwaya inkayeserera mpaka mawu kusasa. Denga la nyumba ya abusa linali litasasuka ndi mphepo, choncho anagwirizana kuti alendo akadyere kwa apongozi anga, amene analinso mkulu wa amayi a mumpingo ndipo pa zolandira alendo panalibe wowaposa.

Anafika mochedwa, dzuwa litapendeka, mpunga utayamba kuzizira. M'galimoto munatuluka mzungu wamtali wandevu, azimayi awiri achizungu ovala mathalauza ndi zipewa, dalaivala, ndi mayi wina wakuda wachikulire ndithu, atavala duku ndi chitenje chatsopano chosachapidwa, chija chimalira poyenda. Kwaya inayamba, anthu anaunjikana pa azungu aja, aliyense kufuna kuwagwira chanza ndi manja awiri. Mayi wakudayo anazungulira kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba kuthandiza dalaivala kutsitsa makatoni a mabuku.

Kalata inati anayi. Akuluampingo anawerenga azungu, anapeza atatu, ndipo ndinawamva ndi makutu anga akugwirizana kuti wachinayi ayenera kuti wadwala m'mimba, watsala ku Mzuzu. Anthu ophunzira, ena a iwo aphunzitsi a masamu. Za mayi uja panalibe amene anadzivutitsa kufunsa. Magalimoto a azungu opita ku Nyika tinkawaona kawirikawiri, ndipo ambiri ankayenda ndi wophika wawo atakhala kumbuyo pamodzi ndi mapoto.

Apongozi anga aakazi anati nkhani zonse zidikire, alendo adye kaye. Anaima pakhomo la kumaso ndi thawulo paphewa, azungu analowa mmodzimmodzi. Mayi uja atakwera masitepe pambuyo pawo, apongozi anatambasula mkono n'kutseka khomo, akumwetulira bwinobwino, n'kutembenukira kwa ine.

"Mkamwana, uyu mutengereni kuseri, akadye ndi dalaivala."

Mayiyo anamwetuliranso n'kunena kuti, "Yewo," liwu limodzi la Chitumbuka lothokozera limene anamuphunzitsa m'njira. Ankayesa ndi mwambo. Ndinamutsogolera kuzungulira nyumba, kudutsa pa thandala la mbale, mpaka pakhonde la khitchini pamene tinayala mphasa. Mkati munapita ntchafu ndi chidali, nthutumba n'kuikidwa pambale ya mzungu wandevu uja monga mlendo wamkulu. Kuseri kunatsala makosi ndi zipalapasiro. Ndinamupakulira m'mbale yapulasitiki. Dalaivala anali atakhala kale panjerwa akudya, ndipo atationa anaseka m'mphuno n'kuweramira mbale yake. Ankadziwa zonse munthu ameneyo, anangofuna aone mathero ake.

Mayiyo anakhala pamphasa movutikira, mawondo akumukana, kenako anandifunsa m'Chingerezi ngati kumeneko ndiye kumene azimayi amadyera. Chingerezi chake chinali chija tinkachimva pa wayilesi za kunja, chimene ine mphunzitsi wa Chingerezi ndinkachilakalaka. Ndinayankha kuti ee, ndipo silinali bodza lenileni, chifukwa ine ndinkadyera pomwepo tsiku lililonse. Koma zenera la pabalaza linali lotsegula, ndipo azimayi awiri achizungu aja ankaoneka bwinobwino atakhala pamipando yansalu, wina akusambitsidwa m'manja ndi mayi wogwada. Mayiyo anawayang'ana kanthawi.

Ndinamufunsa kuti iye ndi ndani. Anati ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya atsikana kwawoko, ndipo kalata ija analemba ndi iyeyo. Anati makolo ake akale anatengedwa ukapolo kuchokera ku Africa kuno, sadziwa dera lake, ndipo aka kanali koyamba kuponda nthaka ya kuno. Chitenjecho anagula ku Mzuzu atamva kuti kumudzi mzimayi wa thalauza amaoneka wopanda ulemu.

Ndinadzuka n'kulowa m'nyumba kudzera khomo la kuseri. Apongozi anali pa kabati akutulutsa makapu aja mmodzimmodzi. Ndinagwada pambali pawo n'kunong'ona.

"Amama, mayi uja si wophika. Ndi mtsogoleri wawo."

"Wakuuzani ndani?"

"Wanena yekha."

"Onse amatero akayenda ndi azungu masiku awiri. Alendo akudya, mkamwana. Tulukani."

Ndinatuluka. Apa ndiye pali mlandu wanga weniweni, osati umene anadzandiveka pambuyo pake. Ndikanatha kuimirira, kukamugwira dzanja mayi uja n'kumulowetsa pakhomo la kumaso, dziko silikanatha. Koma zaka zisanu ndi zitatu za kugwada zinali m'mawondo mwanga. Ndinabwerera kuseri, ndinakhala naye pamphasa, ndinamuthirira tiyi m'kapu yofiira yapulasitiki imene mwana wanga wamng'ono analuma m'mphepete. Analandira ndi manja awiri. Azungu aja nawonso sindiwachotsera mlandu. Ndinamva pambuyo pake kuti mmodzi anafunsa kumene mnzawo ali, apongozi aamuna n'kuyankha kuti amayi akumusamalira, iwo n'kupitiriza kudya nkhuku.

Zinaululika m'tchalitchi. Abusa atayamikira alendo anapempha mtsogoleri wawo kuti alankhule, akuloza wandevu uja. Iye anaimirira n'kunena kuti iyeyo ndi mmisiri wa zomanga chabe, wabwera kudzaona dothi, mtsogoleri ndi uyo. Analoza kumbuyo kwenikweni, kumene mayi uja anakhala pabenchi pakati pa ife ophika, utsi ukutinunkha. Tchalitchi chonse chinacheuka.

Mayiyo anaimirira, ndipo sanakweze mawu. Anathokoza chifukwa cha chakudya ndi nyimbo. Kenako anati mayi ake ankakolopa m'nyumba za azungu ndipo moyo wawo wonse ankadyera kukhomo la kuseri. Anati iye kuyambira ali mwana ankaganiza kuti pali dziko limodzi padziko lapansi kumene angalowere pakhomo la kumaso popanda wina kuyang'ana khungu lake. Anati lero wadya bwino, pamphasa yabwino, ndi mphunzitsi wabwino, koma khomo la kumaso analiyesa ndipo linali lotseka. Womasulira anali apongozi anga aamuna, amene anapotoza mawuwo kuti amveke ngati kuyamikira mphasa. Zinali zosathandiza, theka la anthu a m'tchalitchimo Chingerezi ankachimva. Alendo anaona malo a nyumba ija mwachangu, ndipo m'malo mogona monga tinakonzera, ananyamuka tsiku lomwelo.

Galimoto isanazimiririke m'fumbi, azimayi tinali kale kuseri tikutsuka mbale, ndipo apongozi aakazi anali atakhala pampando, manja ali m'chiuno.

"Nanga tikanadziwa bwanji? Munthu wakuda bii ngati ife tomwe, wavalanso chitenje."

Azimayi onse anavomera. Wina anati wolakwa ndi mwini wake, munthu wamkulu amanyamula makatoni? Wina anati akanavala thalauza ngati anzake tikanamuzindikira. Wina anati mwina anachita dala kuti atiyese. Ndinadikira kuti wina afunse kuti nanga akanakhaladi wophika, zikanakhala bwino? Panalibe. Ndinkatsuka kapu yofiira ija ndikunyansidwa ndi aliyense pabwalo paja, kuphatikizapo ine.

Nkhani inayenda ndi dalaivala uja. Anaifotokoza kwa alonda a pachipata cha Thazima cholowera ku Nyika madzulo omwewo, anaifotokoza pa boma pothira mafuta, anakaifikitsa ku Mzuzu itanenepa. Posakhalitsa munthu wina analemba kalata m'nyuzipepala. Nthawi imeneyo wayilesi zinali zitachuluka, anthu atazolowera kuimba foni n'kulankhula zakukhosi, ndipo nkhani yathu anaitafuna masabata angapo. Oimba a m'chigawo chapakati ndi kummwera anasangalala nayo kwambiri. Ati aja amadzitama kuti ndi ophunzira aja, onani, sukulu yawo yonse ndi yogwadira mzungu. Ena amene ankalankhula choncho ndikudziwa kuti kwawo akanachita chimodzimodzi, mwina kuposa pamenepo, koma mwayi unali utagwera ife.

Pasiteji ya pa boma oyitanira matola anapeza nyimbo. "Katowo, Katowo, azungu kutsogolo, akuda kuseri!" Ndinakwerapo pikapu tsiku lina anthu onse akuseka chikhakhali, mayi wina wa kwathu konko atabisa nkhope m'chitenje. Azimayi athu okagulitsa nyemba kumsika wa Mhuju ankafunsidwa ngati abwera ndi kapu ya makasitomala akuda. Paukwati wina akuchimuna ochokera kunyanja anabwera aliyense ndi kapu yake m'thumba, ati tamva kuti kuno munthu amayenera kudzidalira. Mlamu wanga wa ku Lilongwe analemba kalata yaukali kuti kuofesi sakupuma, akumutchula bwana wa kuseri. Rumphi yense anadetsedwa ndi mkono umodzi wotambasulidwa pakhomo.

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti pa madandaulo onsewo mayi uja sankatchulidwa. Panalibe amene anagona ndi chisoni kuti munthu anawoloka nyanja kudzafuna kwawo ife n'kumupatsa khosi la nkhuku. Chinkawawawa ndi kusekedwa. Mbiri yathu, mbiri yathu, dera la mishoni, dera lotulutsa madokotala ndi maloya. Mawu amenewo ndinawamva mpaka kukhuta nawo. Ndipo kutsidya kwa nyanja kunali chete, miyezi iwiri popanda kalata, anthu n'kuyamba kunong'ona kuti nyumba ya atsikana yapita.

Loweruka lina m'mawa apongozi aamuna anandiitanitsa pabalaza. Anakhala pampando wawo, mwamuna wanga pambali, apongozi aakazi pakona atafunda nsalu ngati odwala. Ine ndinagwada pafupi ndi chitseko. Patebulo panali pepala lolembedwa ndi cholembera chawo cha inki, zilembo zopendeka bwino za anthu a sukulu zakale. Anandiwerengera. Inali kalata yopepesa kwa mayi uja, yolembedwa ngati yochokera kwa ine. Inkati ine, mtsikana wochokera m'chigawo china, wosadziwa mwambo wa kuno wolandirira alendo, ndinatengera mlendo wolemekezeka kuseri mwa nzeru zanga, eni nyumba osadziwa. Inkati anthu a ku Rumphi sanasankhepo munthu chifukwa cha khungu. Komiti ya mpingo inagwirizana kuti ndiikopere ndi dzanja langa, ndisaine, ina ipite kunja, ina ku nyuzipepala.

"Ndinu amene munamutengera kuseri, si choncho mkamwana?" anafunsa apongozi aamuna mofatsa.

"Ndine, adada. Koma ndinatumidwa."

"Za kutumidwa sizithandiza mpingo. Kaganizeni."

Ndinayang'ana pakona paja. Apongozi aakazi ankayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya nsalu yawo. Mtsikana wosadziwa mwambo, ine, mayi wa ana awiri, amene ndinasambitsa m'manja alendo a pakhomo paja zaka zisanu ndi zitatu. Asa.

Mwamuna wanga ananditsatira kuchigafa cha fodya kumene ndinakabisala kuti ndilire ndekha. Sanali munthu woipa, ndipo n'chifukwa chake zimandinyansa kwambiri. Anati amama ndi okalamba, atsogolera amayi kuyambira iye asanabadwe, chakudya sakudya, akatchulidwa m'nyuzipepala afa. Anati ine ndine wamng'ono, anthu adzaiwala. Anati ndiganizire atsikana a kuseri kwa magolosale. Ndinamuuza kuti ndikuwaganizira, koma kalata yoona ingathenso kupepesa, amama angolemba kuti ndinalakwa, basi. Anapukusa mutu ngati ndanena zamisala.

"Mukakana, pakhomo pano mukhala bwanji?"

"Ndipita kwathu."

Anayamba kusenda khungwa la mtengo wa chigafa ndi chikhadabo. Kenako ananena osandiyang'ana.

"Mukudziwa kuti ana sapita."

Ndinkadziwa. Kwathu ku Ntchisi ana ndi a mayi, banja likatha mwamuna amanyamula bulangete lake n'kumapita. Kuno ng'ombe zinaperekedwa, ana ndi a bambo. Ndinaonapo mkazi wa pamudzi pomwepo akukwera matola yekha, mwana wa zaka zinayi akugubuduka m'fumbi, azakhali ake atamugwira mwendo. Wanga wamkulu anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wamng'ono zinayi.

Ndinalimba masiku atatu. Panalibe amene anandikalipira, anangosiya kundilankhula. Moni wanga unkagwera pansi. Ndikapereka madzi osamba, ankatumiza mwana wa eni kukatunga ena. Tsiku lachinayi ndinkaluka wamng'ono tsitsi pakhonde, mutu wake uli pamwendo panga, akundifotokozera za mwana wa mbuzi amene anamutcha dzina. Nditamaliza mzere womaliza ndinasamba m'manja, ndinalowa pabalaza n'kupempha pepala lija. Ndinakopera makalata awiri. Monga mphunzitsi ndinafufuza ngati muli cholakwika cha Chingerezi choti ndikonze, munalibe ngakhale chimodzi. Ndinasaina dzina langa lonse.

Mankhwala anagwira msanga. Nyuzipepala inatulutsa kalatayo pakona, ndipo oimba foni a kumpoto anadzuka ndi mphamvu. Mwamva, ati, anali Mchewa, ife tinadabwa kale. A kwathu anakhala chete, ena n'kumati mkazi ameneyo watichititsa manyazi. Oyitanira matola anasiya nyimbo ija chifukwa sinkakomanso. Azimayi a nyemba anabwerera ku Mhuju mitu ili m'mwamba. Azimayi omwe aja amene anali nane kuseri, amene anamva ndi makutu awo apongozi akuti tikanadziwa bwanji, ankandipatsa moni wachifundo kuchitsime, ngati akhululukira mwana wolakwa. Patapita mwezi ndikuganiza kuti anali atakhulupiriradi. Kusukulu ndinapeza kapu yapulasitiki itaikidwa patebulo langa m'kalasi, ana makumi angapo akundiyang'ana duu. Ndinaisuntha n'kuyamba kuphunzitsa.

Bambo anga ku Ntchisi anawerengeredwa nyuzipepalayo ndi mnzawo wa pagolosale. Anandilembera kalata ya mizere inayi. Anati anagulitsa mtedza ndi mbuzi kuti ndiphunzire, sanadziwe kuti akundiphunzitsa kunyoza munthu wakuda mnzanga. Sindinawauze zoona. Ndinkawadziwa bambo anga, akanakwera basi ndi amalume kudzanditenga tsiku lomwelo, ndipo ana akanatsala. Ndinawayankha kuti pepani, ndinalakwa. Anamwalira patapita zaka zitatu akukhulupirirabe zimenezo.

Yankho la kunja linafika mvula itayamba. Abusa analiwerenga m'tchalitchi: nyumba ya atsikana imangidwa monga anakonzera, chifukwa atsikanawo sanalakwire munthu. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Apongozi aakazi anavina kutsogolo, nsalu ya odwala ija itaiwalika. Lolemba lake kusukulu, mphunzitsi wamkulu anandipatsa envulopu yaing'ono ya sitampa yakunja, yolembedwa dzina langa. Ndinakaitsegulira kuseri kwa kalasi. Mayi uja analemba mawu ochepa. Anati kalata yanga wailandira koma saikhulupirira. Anati zenera lija linali lotsegula mbali zonse, anandiona nditagwada pa kabati ndikunong'oneza mayi wachikulire, anaonanso mmene anandithamangitsira. Anati sakundifunsa chifukwa chake ndinasaina, mayi ake anasainapo zambiri zotere. Anati tiyi wa m'kapu yofiira anali wabwino.

Pepalalo likanandiyeretsa. Ndikanangolipereka kwa abusa, kapena kulitumiza ku Ntchisi kokha. Ndinalipinda kanayi n'kulimanga pansonga ya chitenje.

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinali kuseri ndikusenda chinangwa pamene apongozi aakazi anandiitana. Anati ndisambe m'manja, ndizungulire, ndilowere kumaso. Ndinazungulira, kudutsa pa thandala la mbale, njira yomwe ija koma chobwerera. Pabalaza panali iwo okha. Ndinafuna kugwada pachitseko, anandiloza mpando wansalu. Kenako anatenga kiyi pakhosi pawo, anatsegula kabati, anatulutsa kapu imodzi yamaluwa abuluu ndi kambale kake, anaipukuta ndi thawulo, n'kuthiramo tiyi wamkaka okha ndi dzanja lawo. Anaika patsogolo panga. Za mayi uja sanatchule, za kalata sanatchule, pepani sanamutchule.

"Imwani, mwana wanga," anatero.

Kanali koyamba kunditchula choncho. Nkhope yawo inali yowala, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti andipatsa chinthu chachikulu kuposa chilichonse chimene anali nacho, kuti lero andikweza kufika pa mzungu. Panja ana anga ankathamangitsana ndi mwana wa mbuzi uja, ndikuwamva kuseka. Mfundo ya pachitenje inkandikanda pantchafu.

Kapuyo inali yopepuka, yopyapyala m'milomo, chogwirira chake chosalowa chala. Shuga anachulutsa. Ndinamwa yense mpaka pansi, ndinaika kapu pakambale mosamala kuti isalire, n'kunena kuti, "Yewo chomene, amama."